Kapitao wa padeshibodi: kompyuta ikati maganizo ako sali pano, yaona chiyani?

Tinali titangodutsa Sinda, lole itapakira matumba a soya, ine ndili pampando wa pambali chifukwa basi inali itandisiya ku Katete, kum'mawa kwa Zambia. Foni ya adraiva inalira m'kathumba ka pachitseko. Iwo anangowerama pang'ono, dzanja likufufuza, maso ali pansi. Pomwepo kabokosi kakuda komatidwa padeshibodi kanayamba kulira mokalipa, pii pii pii, mpaka anadzutsa mutu.

"Ameneyo ndiye kapitao wathu," anatero akuseka. "Sagona, sadya, ndipo simungamugulire drinki."

"Nanga amadziwa bwanji kuti mwachotsa maso pamsewu, achimwene?"

"Amaona. Usiku amaona, ndikavala magalasi akuda amaonabe. Koma tsiku lina ndinayendetsa kuchokera pa Nyimba mpaka pa Kacholola mtima uli pa maliro a kumudzi, moti sindikumbuka n'komwe kuti ndinadutsa bwanji. Iyeyu anangoti zii ulendo wonse."

Mawu omalizawo ndi amene andilembetsa nkhaniyi. Makina otere akuchuluka: ali m'malole, ali m'mafoni, ndipo kwina alowa kale m'makalasi. Ogulitsa amati amayeza chidwi cha munthu. Koma kamera siingajambule chidwi. Imajambula nkhope, kenako pulogalamu imawerengera kumene mutu waloza ndi kumene maso aloza. Ziwirizi n'zoyezeka ndithu. Chachitatu, choti maganizo ali pomwepo, n'chongoganizira, ndipo kuganizirako kumalondola pena, pena n'kuphonya kutali.

Tiyambe ndi diso lenilenilo, chifukwa nzeru yonseyi yatsamira pa chilema chake chimodzi. Tambasulani mkono, yang'anani chikhadabo cha chala chachikulu. Malo amene chikhadabocho chaphimba, madigiri 2 kapena kucheperapo, ndi okhawo amene mumaona bwinobwino pa nthawi imodzi. Kuseri kwa diso kuli kadzenje kakang'ono kotchedwa fovea, ndipo n'komweko kumene timaselo toona zinthu mwatsatanetsatane tadzazana. Kwina konseko kumangogwira zithunzithunzi ndi zoyenda. Choncho munthu akafuna kuwerenga mtengo pachikwangwani pa Saturday Market, kapena kuzindikira nkhope ya wachibale m'chigulu cha anthu ku Mtenguleni, ayenera kulozetsa kadzenjeko pa chinthucho. Diso likanati liziona mofanana paliponse, sibwenzi pali choyeza.

Ndipo diso siliyenda moyandama monga timaganizira. Cha m'ma 1879, mu labotale ya Louis Émile Javal ku Paris, zinadziwika kuti powerenga diso limadumpha, n'kuima, n'kudumphanso. Limadumpha katatu kapena kanayi pa sekondi. Likaima limakhala pafupifupi kota ya sekondi, ndipo ndi pamenepo pamene timaona. Kudumphako n'kwaliwiro, ndipo ubongo umatibisira zimene zadutsa pakatipo. Yesani pagalasi: yang'anani diso lamanzere, kenako lamanja. Simudzaona maso anu akusuntha, koma woima pambali panu adzawaona.

Amene anasonyeza kuti madumphidwe amenewa amatsatira zimene munthu akufuna anali Alfred Yarbus, wasayansi wa ku Moscow, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Njira yake inali yowawitsa: ankamata kachipangizo pa diso lenilenilo, kali ndi kagalasi kobweza kuwala. Ankapatsa munthu chithunzi cha mlendo amene walowa m'nyumba mosayembekezeka, achibale atadzidzimuka. Akamuuza kuti aganizire zaka za anthuwo, maso ankangozungulira pankhope. Akamuuza kuti aone ngati banjalo n'lolemera, maso ankathamangira pamipando, pazovala ndi pamakoma. Chithunzi chomwecho, munthu yemweyo, njira ya maso yosiyana. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kukhulupirira kuti ukatsata diso wapeza mtima. Chikhulupirirocho chili ndi choonadi chake, koma tidzaona polekezera pake.

Kadzidzi ndi buluzi

Makina ambiri amayamba ndi mutu, chifukwa mutu ndi waukulu, umaoneka ngakhale kamera ili kutali. Pulogalamu imapeza nkhope pachithunzi, kenako imaikapo timadontho: pangodya za maso, pansonga ya mphuno, m'mbali mwa milomo, pachibwano. Pali pulogalamu yodziwika imene imaika timadontho 68, ndipo MediaPipe ya Google imaika 468. Ndiye imayerekeza timadonthoto ndi mutu wachitsanzo umene ili nawo kale, n'kufunsa kuti: mutu uwu ndiupotoze bwanji kuti timadontho take tigwere pamene ndikutiona?

Aliyense amene anawetapo ng'ombe amachita masamu omwewa osadziwa. Ng'ombe ikakulunjika, nyanga zonse ziwiri zimaoneka zotalikirana mofanana ndi mphuno. Ikapotoloka, nyanga imodzi imayandikira mphuno, inayo n'kutalikira. Ikaweramitsa mutu, mphumi imakula, pakamwa n'kubisika. Kompyuta imangosandutsa zimenezi kukhala manambala atatu: kupukusa monga pokana, kugwedeza monga povomera, ndi kupendeketsa khutu kuphewa.

Mutu wokha umanena zambiri. Mu 2002, Rainer Stiefelhagen ndi Jie Zhu anafufuza anthu anayi okhala mozungulira tebulo pamsonkhano. Anapeza kuti pongoyang'ana kumene mutu waloza, ankatha kudziwa amene munthu akumuyang'ana molondola 88.7 peresenti. Koma taonani kuti anthuwo anali anayi okha, otalikirana. Pamsonkhano wa kopaletivu pansi pa mtengo wa mango, anthu 60 atathithikana, mutu ukhoza kuloza kumodzi pamene maso akusankha pakati pa anthu khumi.

Bungwe la Euro NCAP, limene limayesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, linapatsa zimenezi maina oseketsa. Dalaivala amene amatembenuza mutu wonse poyang'ana kumbali amamuti kadzidzi, chifukwa kadzidzi sangayendetse maso ake m'mabowo mwake, amazunguza khosi. Amene mutu umakhala chilili koma maso n'kumaba pansi amamuti buluzi. Makina oyeza mutu wokha amagwira kadzidzi mosavuta. Buluzi, amene foni waiika pantchafu n'kumawerenga WhatsApp nkhope italunjika kutsogolo, amawapulumuka. Aphunzitsi onse amamudziwa buluzi ameneyu pa nthawi ya mayeso.

Pali chinanso chosokoneza. Mutu ukatembenukira kumanzere, maso amabwerera okha kumanja kuti chimene ukuyang'ana chisachoke. Zimachitika mwachibadwa, mothandizidwa ndi tiziwalo ta mkati mwa khutu. N'chifukwa chake mayi wosenza ndowa angapotoze khosi koma maso osachoka pamwana. Pamsewu wa mabampu monga wopita ku Chadiza nthawi ya dzinja, mutu umagwedezeka njira yonse koma maso ali phee kutsogolo. Makina abwino ayenera kuphatikiza ziwirizi, kulozera kwa mutu ndi kulozera kwa diso mkati mwa mutuwo.

Kuyeza diso kuli ndi njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumatikhudza ife a maso akuda kuposa momwe ogulitsa amanenera.

Yoyamba ndi imene ili m'kabokosi ka m'lole muja. Pambali pa kamera pamakhala timagetsi towalitsa kuwala kwa infrared, kumene diso la munthu silikuona. Kuwalako kukagunda khungu loonekera la pamwamba pa diso kumasiya kadontho kowala, konga kamene mumaona m'diso la mnzanu mutakhala pafupi ndi nyali. Timadontho totere timatchedwa ndi dzina la Jan Purkyně, wasayansi wa ku Czech amene anatifotokoza m'zaka za m'ma 1800. Diso likatembenuka, mwana wa diso amasuntha kwambiri, koma kadontho kaja kamasuntha pang'ono. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi umene umauza kompyuta kumene diso laloza. Makampani monga Tobii ya ku Sweden, imene inayamba mu 2001, ndi Seeing Machines ya ku Canberra ku Australia, anakulira pa kuwala kwa infrared kumeneku.

Ubwino wake kwa ife ndi uwu. Pakuwala wamba, diso lakuda limavuta kusiyanitsa pamene mwana wa diso wathera ndi pamene mbali yomuzungulira yayambira, zonse n'zabii. Koma pa infrared mbali yozungulirayo imaoneka yotuwa, mwana wa diso n'kutsala wakuda yekha, woonekera bwino. Kuwala komweku kumadutsa magalasi ambiri a dzuwa, ndiye chifukwa adraiva aja sankabisala. Mdani wake ndi dzuwa, chifukwa nalonso lili ndi infrared wambiri. Opanga makina a m'galimoto amakonda infrared wa pamlingo wa 940 nanomita (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala) chifukwa chinyezi cha mumlengalenga chimameza gawo lalikulu la kuwala kwa dzuwa pamlingo umenewo, ndiye timagetsi tawo sitizimiririka. Ngakhale zili choncho, dzuwa la Okutobala likamenya nkhope cham'mbali, kapena magalasi a maso akabweza kuwala, kamera imatha kutaya diso kwa kanthawi.

Kuti muyezo ukhale wolondola kwenikweni, makina amafunika kuzolowera diso la munthu aliyense. Amakuuza kuti uyang'ane timadontho 5 kapena 9 pasikirini, limodzilimodzi. Chifukwa chake n'chakuti kadzenje ka fovea sikali ndendende kuseri kwa mwana wa diso, kanapatuka pafupifupi madigiri 5, ndipo kupatukako kumasiyana munthu ndi munthu. Zikachitika bwino, makina a mu labotale amaphonya ndi theka la digiri kapena digiri imodzi, ndipo ena amajambula zithunzi 1,000 pa sekondi.

Njira yachiwiri ndi yotchipa: kamera wamba ya pafoni kapena palaputopu, popanda timagetsi. Apa pulogalamu siiyeza kadontho kalikonse. Imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri za anthu amene kumene ankayang'ana kunkadziwika kale, mpaka itazolowera kuti diso looneka chonchi limakhala likuyang'ana chakuti. Mu 2015 ofufuza a ku Max Planck Institute ku Saarbrücken anatulutsa zithunzi zoposa 213,000 zojambulidwa pamalaputopu a anthu 15. Chaka chotsatira, gulu la ku mayunivesite a MIT ndi University of Georgia ku America linasonkhanitsa zithunzi pafupifupi 2.5 miliyoni kwa anthu oposa 1,450 kudzera pa iPhone ndi iPad, ndipo pulogalamu yawo inkaphonya ndi pafupifupi 1.7 sentimita pafoni.

Sentimita ziwiri n'zochepa mpaka utawerengera mtunda. Njira imeneyi nthawi zambiri imaphonya ndi madigiri angapo. Titenge 5. Pasikirini imene ili masentimita 60 kuchokera kumaso, madigiri 5 ndi masentimita 5, mizere ingapo ya nkhani. Pamtunda wa mamita 5, ndi masentimita 44, kutanthauza kuti makina sangasiyanitse ngati mwana akuyang'ana aphunzitsi kapena zenera lili pambali pawo. Ndipo kamera yomangidwa pamwamba pa bolodi, m'kalasi la ana 70, diso la mwana wa kumbuyo imaliona ngati kachitsotso. Pamenepo imakhala ikuyeza mutu basi, kaya kabuku kotsatsa malonda kakunena zotani. Kamera wamba imajambulanso zithunzi 30 zokha pa sekondi, moti kudumpha kwa diso kumatha kuchitika n'kutha pakati pa zithunzi ziwiri.

Funso lina n'lakuti nkhope zophunzitsira zija n'za ndani. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu ankalakwa osapitirira 0.8 peresenti, pa akazi akuda khungu kulakwako kunafika 34.7 peresenti. Kunali kuyesa kwa chinthu china, osati kulozera kwa maso, tisasakanize. Koma pulogalamu yoyeza maso imayamba ndi kupeza nkhope, ndipo ikapunthwa pakhomo pomwepo, zonse zotsatira zimapita m'madzi. Amene akufuna kugulitsa makina otere kuno ayenera kufunsidwa ngati anawayesa pa nkhope za kuno, m'kuwala kwa kuno, pa mayi wovala duku ndi bambo wovala chipewa.

Pamene amagwira bwino ntchito

Makina akadziwa kumene maso aloza, amafunika kudziwanso chimene chili kumeneko. M'galimoto zimenezi n'zosavuta, chifukwa zinthu sizisuntha: kutsogolo kuli msewu, uku galasi, uku deshibodi, pansi miyendo. Pulogalamu imagawa malowa, kenako imawerenga nthawi.

Nthawiyo inachokera ku kafukufuku. Ku Virginia Tech ku America anaika makamera m'magalimoto 100 a anthu wamba kwa pafupifupi chaka, ndipo lipoti la 2006 linasonyeza kuti kuchotsa maso pamsewu kopitirira masekondi 2 kumachulukitsa kawiri mpata wa ngozi kapena kutsala pang'ono kuchita ngozi. Werengerani nokha: lole yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi. Masekondi 2 ndi mamita 44, ndipo pa Great East Road mamita 44 amakwana mbuzi, mwana wa sukulu ndi njinga yonyamula makala. Malamulo a European Union tsopano amafuna kuti magalimoto atsopano azichenjeza dalaivala: ngati liwiro lafika makilomita 50 pa ola, chenjezo lilire maso akakhala kosayenera masekondi 3.5, ndipo ngati liwiro lili pakati pa 20 ndi 50, masekondi 6. Mitundu yatsopano ya magalimoto inayamba kutsatira lamuloli mu Julaye 2024. Popeza ambiri timagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, akapitao amenewa adzatipeza okha, kaya tawaitana kapena ayi.

Tulo nato timaoneka m'maso. Munthu wogalamuka amaphethira msanga, koma wosinza zikope zimatsika pang'onopang'ono n'kuchedwa kubwerera. Muyezo wodziwika kuyambira m'ma 1994, wotchedwa PERCLOS, umawerenga gawo la nthawi imene zikope zatseka diso ndi 80 peresenti kapena kuposa. Mutu nawo umayamba kugwa n'kudzidzimuka. Ulendo wa Chipata kupita ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo mapiri okhotakhota a cha ku Luangwa amakupeza utatopa kale. Mu 2016 boma la Zambia linaletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 21 koloko mpaka 5 koloko, pofuna kuchepetsa ngozi. Lamulo lotere limaganizira kuti tulo timabwera ndi mdima. Kamera imatha kugwira amene akusinza masana, atadya nsima pa Luangwa Bridge.

Apa ine ndilibe nawo mlandu makinawa. Funso limene akuyankha n'lopapatiza: maso ali pamsewu kapena ayi, ali otsegula kapena ayi. Sungayendetse galimoto osayang'ana, ndiye maso akachoka, vuto lilipo ndithu. Koma taonani kuti mfundoyi imayenda mbali imodzi. Maso akachoka pamsewu, tadziwa kuti pali ngozi. Maso akakhala pamsewu, sitinadziwe kanthu.

Chichewa chinasiyanitsa kale kuyang'ana ndi kuona. Mu 1980 Michael Posner anasonyeza mu labotale kuti munthu angasamutse chidwi chake maso osasuntha, zimene mayi aliyense wogulitsa tomato pa Kapata amachita tsiku lonse: maso pa kasitomala, mtima pa kamnyamata kamene kakuzungulira pafupi ndi chikwama. Mu 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris ku Harvard anaonetsa anthu kanema wa osewera akupatsirana mpira, n'kuwauza kuti awerenge mapasi. Pakati pa masewerawo panadutsa munthu wovala ngati nyani wamkulu wa gorilla. Pafupifupi theka la oonera sanamuone. Mu 2013 Trafton Drew ndi anzake ku Boston anabisa kachithunzi ka gorilla m'zithunzi za mapapo, n'kupatsa madokotala 24 odziwa kuwerenga zithunzizo kuti afufuze zotupa. Madokotala 20 sanakaone, ndipo makina otsata maso anasonyeza kuti ambiri mwa iwo anayang'ana pamalo pomwepo. Diso linafika, munthu sanafike.

Nkhani ya adraiva aja pakati pa Nyimba ndi Kacholola ili ndi mbali ina yodabwitsa. Ofufuza anapeza kuti dalaivala maganizo akalemedwa, maso ake amaunjikana pakati pa msewu. Amasiya kusuzumira m'magalasi, amasiya kuyang'ana m'mbali. Kwa makina osavuta amene amangowerenga nthawi imene maso ali kutsogolo, munthu ameneyu ndiye dalaivala wabwino kuposa onse. Makina anzeru pang'ono amayesa kugwira kuuma kwa maso kumeneku, ndipo ena amayang'ananso kukula kwa mwana wa diso, amene amatanuka munthu akamaganiza zolimba, monga Daniel Kahneman ndi Jackson Beatty anasonyezera mu 1966. Koma mwana wa diso amamvera kuwala kwambiri kuposa maganizo. Mtambo ukangophimba dzuwa, muyezo wasokonekera.

Mwana amene wagwetsa nkhope

Kumene ndimachita nako mantha ndi kusukulu. Mu 2018 sukulu ina ya sekondale ku Hangzhou ku China inamveka dziko lonse chifukwa choika makamera oyang'ana nkhope za ana m'kalasi masekondi 30 alionse. Mu 2020, matenda a Covid atatseka masukulu, mayunivesite ambiri anayamba kulembetsa mayeso pa intaneti, pulogalamu ikulondera pakamera ya laputopu, ndipo wophunzira akachotsa maso pasikirini kawirikawiri ankaikidwa chizindikiro chokayikiridwa. Sizili kutali ndi ife. Ambiri kuno akuphunzira maphunziro akutali pa laputopu yobwereka.

Tamverani mmene timanenera za chidwi. Timati tchera khutu. Timati mvetsera. Mwana wabwino ndi womva, woipa ndi wosamva. Chidwi chathu tinachiika m'khutu. Ndipo mwana woleredwa bwino akaitanidwa ndi agogo ake amagwada kapena kunjuta, nkhope pansi, n'kumati "ee, agogo." Amene amayang'ana wamkulu m'maso pamene akudzudzulidwa amafunsidwa kuti, "Ukunditong'olera maso ndine mnzako?" Pabwalo la milandu kwa amfumu, kapena mkamwini pamaso pa apongozi ake, amene akumvetsera kwambiri ndi amene maso ake ali pa dothi. Muike kamera pamenepo, iwerenge nthawi imene nkhope yalunjika kwa wolankhula. Waulemu adzapeza ziro, wamwano n'kukhoza.

Si ife tokha. Federico Rossano, Penelope Brown ndi Stephen Levinson anayerekeza makambirano a anthu a ku Italy, a pachilumba cha Rossel ku Papua New Guinea, ndi olankhula Tzeltal ku Mexico, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2009. Anapeza kuti a Tzeltal sayang'anana kwambiri pocheza, ndipo womvetsera amasonyeza kuti akutsatira pobwereza mawu a mnzake. Choncho lamulo lakuti womvetsera amayang'ana wolankhula si la anthu onse, ndi mwambo wa ena.

Ngakhale kumene mwambowo uli, kuganiza kumathamangitsa maso. Funsani mwana kuti 17 kuchulukitsa ndi 6 ndi zingati. Adzayang'ana kudenga, kapena pansi, milomo ikugwedera. Gwyneth Doherty-Sneddon, akugwira ntchito ku University of Stirling ku Scotland, anasonyeza kuti ana amachotsa maso pa wofunsa funso likalimba, ndipo kuteroko kumawathandiza kuyankha bwino. Nkhope ya munthu ndi chinthu chodzaza, imadya maganizo. Ndiye nthawi imene mwana akugwira ntchito yeniyeni ndi imene makina angalembe kuti wasokonezeka.

Apa pali chinsinsi chimene sichinenedwa kawirikawiri. Kuti pulogalamu iphunzire kusiyanitsa watcheru ndi wosatcheru, pamafunika wina woyamba kuiuza. Nthawi zambiri amakhala anthu olembedwa ntchito yoonera timakanema, n'kumalemba kuti uyu akutsatira, uyu ayi. Iwonso sakuona mumtima, akuona nkhope, ndipo akuweruza ndi mwambo wa kwawo. Pulogalamuyo ndiye imaphunzira maonekedwe a chidwi monga anthu amenewo amawadziwira. Ana sachedwa kutulukira zotere. Pasanathe temu adzakhala ataphunzira kukhala chilili, maso gaa pabolodi, mtima uli ku mpira wa kudambo.

Malamulo ayamba kutsatira m'mbuyo. Lamulo la European Union la 2024 lokhudza nzeru zamakina limaletsa mapulogalamu oganizira mmene munthu akumvera mumtima kusukulu ndi kuntchito, kupatula pa zifukwa za chipatala kapena chitetezo. Kamera yoona kutopa kwa dalaivala siili m'gulu loletsedwalo. Kuno ku Zambia tili ndi Data Protection Act ya 2021, yoteteza mbiri ya munthu, imene imaika zizindikiro za thupi la munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Kholo kapena wantchito ali ndi poyambira kufunsa: zithunzizo zikusungidwa kuti, akuziona ndani, zidzafufutidwa liti. Makina ena amawerengera zonse mkati mwa kabokosi n'kutaya chithunzi pomwepo. Ena amatumiza kakanema ku ofesi. Ukawaona kunja kwake, amafanana.

Sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti nzeruyi n'njachabe. Munthu amene ziwalo zinafa, wosatha kulankhula kapena kugwira cholembera, amalemba mawu poyang'ana zilembo pasikirini, ndipo kuyambira 2024 ma iPhone atsopano amalola munthu kuyendetsa foni ndi maso. Apa palibe kuganizira, mwiniwake akuloza dala. Mu 2022 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linavomereza chipangizo chothandiza madokotala kuzindikira autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza mmene mwana amachezera ndi anthu) mwa ana a miyezi 16 mpaka 30, potsata kumene amayang'ana akamaonera ana anzawo pakanema, chochokera ku ntchito ya Ami Klin ndi Warren Jones ku Atlanta. Chisanafike ku chipatala cha kuno, ine ndingafune chiyesedwe kaye pa ana okulira kumbuyo kwa amayi awo, amene amaphunzitsidwa kuyang'ana mosiyana. Ndipo ambiri munagwiritsa kale ntchito nzeruyi osadziwa: Samsung Galaxy S III ya 2012 inkasiya sikirini yoyaka malinga ngati kamera ikuona kuti mukuiyang'ana.

Titayandikira potembenukira ku Petauke, kapitao analiranso. Ulendo uno foni inali m'thumba. Kumanzere kwa msewu kunali bambo pa njinga, atamanga nkhumba pakaliyala, ikuphiriphitha, njinga ikupita uku ndi uku. Adraiva anachepetsa liwiro, maso ali pagalasi lakumanzere, kudikira kuti matayala a ngolo yakumbuyo amudutse. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa imene wina, kudziko lina, anaiika kuti ndiyo yokwanira kusuzumira pagalasi. Pamsewu umene anthu, njinga ndi ziweto zimayenda m'mphepete mwa phula, theka la ntchito ya dalaivala lili m'mbali.

"Kakanema aka kapita kale ku ofesi," anatero akusintha giya. "Lolemba ndikafotokoze. Mwayi wake kamera ina yayang'ana kutsogolo, mwina nkhumbayo yalowamo."

Ndinatsika pa Petauke.